AGOGO ANGA ANALI MLONDA WA MAPAMPU

Wolemba ndi Kalaliki wa pa Mgodi, Pfupajena, Chegutu

Abale anga a m'migodi, mitambo yayamba kusonkhana ndipo posachedwa mvula idzagwa. Nyengo imeneyi ikafika ine ndimakumbukira agogo anga amuna, atate ao a bambo anga, amene anagona m'manda a kuno ku Chegutu. Iwo sanali mfumu, sanalinso mbusa kapena mphunzitsi. Anali mmisiri wa mapampu ochotsa madzi pansi pa mgodi, ndiponso mkulu wa mpingo. Ndapempha Bwana Mkonzi kuti andipatse malo ndikuuzeni za moyo wao, chifukwa ndiganiza kuti muli phunziro m'menemo kwa inu amene mumalowa pansi, ndi kwa ife amene timatsala pamwamba ndi cholembera.

ULENDO WA KU HARARE

Agogo anabadwira m'mudzi wina pafupi ndi phiri la Nkhoma, m'boma la Lilongwe, masiku amene dziko la Malawi linali kutchedwa Nyasaland. Anaphunzira pa sukulu ya m'mudzi ya Mishoni ya a Dutch, imene inakhazikika pa Nkhoma m'chaka cha 1896, ndipo analekeza Standard 3 chifukwa chosowa fizi. Koma anatulukamo ndi zinthu ziwiri zimene sanazitaye moyo wao wonse, ndizo kuwerenga Buku Lopatulika ndi kulemba zooneka bwino. Atasiya sukulu anali kuthandiza munthu wina wokonza njinga pa msika, ndipo kumeneko ndiko manja ao anazolowera sipanala.

M'chaka cha 1953, chaka chimene Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinayamba, msonkho unawapeza alibe ndalama. Mnyamata wa masiku amenewo anali ndi njira zitatu. Ena anali kulembetsa kwa Wenela kupita ku Joni. Ena anali kulembetsa kwa Mthandizi, amene anali kutumiza anthu ku mafamu ndi ku migodi ya Southern Rhodesia. Ena anali kupita okha, ndiwo anali kutchedwa a selefu. Agogo anasankha selefu pofuna kudzifunira okha bwana. Anadzera ku Dedza, nalowa m'dziko la Apwitikizi, naoloka Zambezi pa Tete ndi pantoni, pakuti mlatho woyamba wa pamenepo unatha m'chaka cha 1973. Mbali ina anayenda pansi, mbali ina anakwera malole a Ulere amene Boma la Rhodesia linali kunyamulira anthu osalipira. Pa Mtoko analandira chitupa, ndipo anafika ku Salisbury, kumene anthu a kwathu anali kungoti ku Harare.

Sanakhalitse m'tauni. Anamva kuti golide ali kumadzulo, nakwera sitima ya ku Bulawayo, natsika pa Hartley, pamene lero timati Chegutu, mtunda wa makilomita oposa 100 kuchokera ku Harare. Dera lonse la pakati pa Hartley ndi Gatooma, imene tsopano ndi Kadoma, linali la migodi. Pa Eiffel Flats panali Cam and Motor, mgodi wa golide umene unali waukulu koposa m'dziko muno pa nthawi yache. Ku Chakari kunali Dalny, ku Gadzema kunali Giant, ndipo m'tchire munali timigodi tating'ono tosawerengeka. Anthu a ku Nyasaland ndi a ku Tete anali ochuluka ndithu m'makomboni, kotero kuti mlendo anali kufunsa njira m'Chinyanja nayankhidwa m'Chinyanja. Eni dziko anawatcha Mabhurandaya, dzina lochokera ku mzinda wa Blantyre, ngakhale agogo anali asanauonepo mzindawo.

ANAYAMBA NDI KUNYAMULA BOKOSI

Analembedwa pa mgodi wina wapakati, umene sindiutchula dzina. Nchito yoyamba inali ya fosholo, kulonga miyala m'ngolo. Anagwira matikiti angapo, tikiti liri lonse masiku 30, akulandira phoso la ufa, nyemba ndi kanyama pang'ono. Tsiku lina fitala Wachizungu anasowa munthu womunyamulira bokosi la zipangizo, ndipo kapitao analoza agogo chifukwa anali kuwaona akukonza njinga za anzao madzulo.

Wonyamula bokosi nchito yache ndi kupereka sipanala ndi kuunikira nyali, basi. Koma agogo anali kupenyetsetsa. Usiku pa komboni anali kujambula m'kabuku zonse zimene anaona masana, nalemba m'Chinyanja dzina la chitsulo chiri chonse ndi pamene chimakhala. Zitapita zaka zowerengeka fitala uja anali kungokhala pa bokosi akusuta fodya, agogo akumasula pampu ndi kuimanganso.

Pamenepa ndinene zoona, chifukwa achinyamata ambiri sazidziwa. Lamulo la nchito la m'chaka cha 1934, lotchedwa Industrial Conciliation Act, silinali kuwerengera munthu wakuda monga wanchito wa m'lamulolo, ndipo umisiri wa mapepala unali wa Azungu okha. Lamulolo linasinthidwa m'chaka cha 1959, koma pa migodi zinthu zinachedwa kusintha. Chifukwa chache agogo anagwira nchito ya fitala zaka zambiri pamene pa tikiti lao panalembedwa kuti boyi wa fitala, ndipo malipiro anali a boyi. Anyamata Achizungu amene iwo anawaphunzitsa kumanga bawuti anali kukwezedwa nakhala mabwana ao.

Ndinawafunsa tsiku lina kuti, "Agogo, kodi simunali kukwiya?" Anati, "Mdzukulu wanga, ndinali kukwiya kwambiri, ndipo chinali chosalungama. Ndinadandaula pamene panali podandaulira. Koma sindinalipsire pampu, chifukwa amene anali pansi pa madziwo sanali Mzungu amene analemba lamulo. Anali ana a anthu onga ine."

ZIMENE ANANDIPHUNZITSA ZA MADZI

Ine ndinawadziwa atapuma kale nchito, akukhala m'nyumba yao ya ku Pfupajena. Ndikabwera ku holide kuchokera ku sukulu ya mishoni ndinali kuwapeza pansi pa mtengo wa mango, atazungulidwa ndi mapulaimasi, njinga ndi mapampu a m'minda amene anansi anabwera nao. Tsopano wonyamula bokosi ndinali ine. Zimene anandiuza ndizilemba pano, pakuti ambiri a ife timadutsa pa pampu tsiku ndi tsiku osadziwa chimene chichitika m'katimo.

Madzi a m'mgodi amachokera m'ming'alu ya thanthwe, ku makina oboola miyala, ndipo nthawi ya dzinja amalowanso kudzera m'maenje akale amene anasiyidwa osatseka. Onsewo amayenda m'ngalande kupita ku chitsime cha pansi pa shafiti, chimene timati sampu. Pa mgodi wakuya madzi sakwera ulendo umodzi ai. Pampu ya pansi imaponya ku chitsime cha pakati, ya pakati iponya ku cha pamwamba pache, kufikira atatuluka kunja. Imodzi ikaima, zinzache za m'munsi zisowa koponya.

Agogo amati pampu iri ndi mphamvu yokankha koma yokoka njochepa. Palibe pampu imene ingakoke madzi kuchokera pansi pa mamita 10, ndipo pa nchito yeniyeni ikafika mamita 6 kapena 7 yalema. Ndicho chifukwa chache imaikidwa pafupi ndi madzi, pamalo pamene imayamba kumira ndiyo ngati zinthu zabvuta. Anandiuzanso kulemera kwa madzi oima m'paipi. Pa mamita 10 ali onse, madzi amakankha ndi mphamvu ya kilogalamu imodzi pa kamalo kofanana ndi chikhadabo. Tsono paipi yokwera mamita 300 iri ndi makilogalamu 30 pa kamalo komweko. Munthu womasula bawuti pa paipi yotere asanaitsanule akhoza kuthyoka nthiti kapena kutaya diso.

Kunsonga kwa paipi yokoka kuli sefa yotchinga zinyalala, ndi valavu imene imaletsa madzi kubwerera pansi pampu ikaima. Valavu imeneyi ikamadontha, madzi amathawa, mpweya nulowa, ndipo pampu yozungulira siingaponye mpweya. Idzalira monga iri kugwira nchito, koma kosatulutsa kanthu. Munthu ayenera kuithira madzi poyamba kuti igwire. Agogo amati kachikopa ka valavu kameneka, kamene mtengo wache sufika ndi wa buledi, ndiko kamamiza migodi.

Anali kumvera pampu monga m'mene dokotala amvera chifuwa. Anali kutenga sikuludiraiva yaitali, nsonga aika pa chitsulo, chogwirira aika pa khutu. Bering'i yabwino imalira mosalala. Ikayamba kukukuta, masiku ache atha. Pampu ikamveka ngati muli timiyala m'kati, kawirikawiri ndiye kuti sefa yatsekeka ndipo iri kusowa madzi. Anali kugwiranso ndi dzanja, ndipo ngati dzanja silingapirire kutentha anali kuyatsa inzache ndi kuimitsa imeneyo.

Chimene sindichiiwala ndi cha chingwe cha mafuta chimene amakulunga pamene mtanda wozungulira ulowa m'pampu. Mmisiri wachilendo akaona madzi akudontha pamenepo amamanga kolimba kuti aume. Kumeneko ndi kulakwa. Payenera kudontha pang'onopang'ono, chifukwa madontho amenewo ndiwo aziziritsa. Ukamanga kouma chingwe chipsa, ndi mtanda womwe udyeka. Agogo anali kuwauza bambo anga mau omwewo akaona kuti atikalipira mopitirira. Amati, "Mwana wanga, masulako pang'ono. Ukamanga kouma chipsa."

PAMPU SIDZIWA SABATA

Mpingo wao unali wa C.C.A.P. Mpingo umenewu unatsata anthu ache kuno. M'chaka cha 1912 Mbusa T. C. B. Vlok anachoka ku Nyasaland kudzakhala ku Salisbury kuti aziweta anthu a kwathu a m'migodi ndi m'mafamu, ndipo m'chaka cha 1965 mipingo ya kuno inakhala Sinodi payokha, imene lero ndi Sinodi ya Harare. Abusa anali ochepa ndi dera lalikulu, chotero pa komboni mapemphero anali m'manja mwa akulu a mpingo. Agogo anasankhidwa ukulu akali ndi ana aang'ono. Anali kuphunzitsa kalasi, kuyendera odwala ku chipatala cha mgodi, ndi kulembera makalata anzao osadziwa kulemba.

Koma panabuka mlandu. Tsiku la Sabata mgodi umapuma, koma madzi sapuma, ndipo mlonda wa mapampu ayenera kulowa. Akulu ena anati sikuyenera kuti mkulu wa mpingo aoneke atabvala ovolosi pa Sabata anzache akupita kokapemphera. Nkhaniyo inafika ku bwalo la akulu. Agogo sanachuluke mau. Anawakumbutsa za pa Luka 14, pamene Ambuye Yesu anafunsa za chiweto chogwa m'chitsime tsiku la Sabata. Pomwepo anati, "Abale, ine chitsime changa muli anthu. Ndikasiya lero, amene adzalowa Lolemba m'mawa ndi ana anu." Mlandu unathera pomwepo. Koma iwo anapangana ndi mnzao wa Chisilamu, Myao wa ku Fort Johnston, kumene tsopano ndi ku Mangochi, kuti iye azilowa Sabata lina, agogo namlowera Lachisanu. Anasinthana chomwecho zaka zambiri osakangana.

Pa komboni panalinso a gule wamkulu, amene eni dziko amati zigure. Agogo sanapiteko ku dambwe ndipo ana ao anawaletsa. Koma maliro akagwa kwa a gule anali kupita ndi khasu lao kukakumba nao manda, ndipo anali m'bungwe limodzi la maliro. Ena a mpingo anali kung'ung'udza. Iwo amati madzi akadzaza pansi safunsa kuti uyu ngwa mpingo uti.

USIKU UMENE MAGETSI ANAZIMA

Nkhani iyi agogo sanandiuze okha. Ndinaimva kwa agogo akazi, ndi kwa nkhalamba ina imene inaimirira pa maliro ao.

Pa mgodi uja panali pampu yapadera yoyendera mpweya, yakale ndithu, imene inasiyidwa pamene mapampu a magetsi anafika. Mpweya wache unali kuchokera ku injini ya dizilo ya pamwamba. Lamulo la pa mgodipo linali lakuti iyesedwe sabata ndi sabata, ndipo mmisiri alembe m'buku kuti iri bwino. Anthu anali atazolowera kungolemba osayesa. Agogo atapatsidwa bukulo anakayesa, napeza kuti valavu yatha ndipo pampu siigwira. Analemba chomwecho. Foromani anakwiya, chifukwa bukulo linali kuonedwa ndi akulu, nawauza kuti afufute alembe zabwino. Agogo anati, "Bwana, dzanja langa silingalembe chimene maso anga sanaone." Anawadula ndalama za masiku angapo ponena kuti ngamwano.

Iwo sanaleke. Anadula chikopa ku lamba wakale wa makina, nasema valavu ina, naikamo pa nthawi yao atawerukako. Kuyambira pamenepo Loweruka liri lonse anali kuliza injini ya dizilo ndi kuyesa pampu ija. Anzao anali kuwaseka kuti Madala aweta nkhalamba inzao.

Dzinja lina mvula inagwa masiku ambiri osakata. Usiku wina mphezi inagwetsa magetsi, mapampu onse naima, ndi keji yomwe. Madzi ochokera m'maenje akale anali kutsika ngati mtsinje. Gulu la shifiti ya usiku linali kutali m'kati mwa njira ya pansi penipeni, ndipo potulukira pao panali pamodzi pokha, pa makwerero a pafupi ndi sampu. Sampu ikadzaza, pamenepo ndipo pamayamba kumira.

Agogo anali pa nchito usiku umenewo. Anatuma mnyamata wao kuti athamange akaitane anthu, natumiza mau pamwamba kuti alize injini ya dizilo. Pampu yakale ija inagwira nthawi yomweyo. Siinali ndi mphamvu yogonjetsa madzi onsewo, koma inawachedwetsa. Zinyalala zinali kutseka sefa kawirikawiri, ndipo agogo analowa m'madzi ofika m'chiuno namazichotsa ndi manja, mumdima, ndi nyali ya pa chipewa yokha. Anthu anafika m'modzi m'modzi, madzi ali m'maondo, nayamba kukwera. Agogo anali kuwawerenga pamene anali kudutsa, chifukwa anadziwa chiwerengero cha amene analowa. Atakwana onse ndipo iwo anasiya pampu nakwera pambuyo.

Palibe anafa usiku umenewo, ndipo chifukwa chache palibe nyuzipepala imene inalemba. Ndalama zimene anawadula zija sizinabwezedwe. Nkhalamba ya pa maliro ija inati, "Ine ndinali wachiwiri kumapeto pa makwerero. Ana anga onse ndi adzukulu anabadwa pambuyo pa usiku umenewo."

BANJA NDI NYUMBA

Agogo anakwatira mkazi wa Chizezuru wa ku Mhondoro. Kwao ku Nkhoma mwamuna amakakhala chikamwini kwa mkazi ndipo ana ndi a kuchikazi, koma kuno anauzidwa kuti apereke ng'ombe za malowolo, zimene eni ache amati roora. Makolo a mkazi anali kukana poyamba. Amati munthu wa ku Nyasaland alibe mudzi woti nkumulondola, tsiku lina adzakwera sitima nasiya mwana wao ndi ana. Agogo analipira pang'onopang'ono kwa zaka zambiri mpaka anatsiriza, ndipo anakhala ndi agogo akazi kufikira imfa. M'nyumba mwao munali zinenero ziwiri. Agogo akazi anali kutikalipira m'Chishona, koma pemphero la madzulo linali la m'Chinyanja, ndipo mwana ali yense anali kuwerenga ndime yache. Ndimo m'mene ine ndinaphunzirira chinenero chimene ndiri kulemba pano.

M'chaka cha 1968 mgodi wa Cam and Motor unatsekedwa. Agogo sanali kugwira kumeneko, koma anaona kuti ngati mgodi waukulu wotere ungaime, palibe mgodi wosatha. Nyumba ya pa komboni ndi ya mgodi, ndipo nchito ikatha nyumbanso yatha. Kuyambira pamenepo anali kusunga kandalama ku Positi mwezi ndi mwezi, osamwa mowa, kufikira anapeza nyumba ya zipinda zinai ku Pfupajena. Anzao ambiri amene sanachite chomwecho anakalambira m'makomboni a migodi yotsekedwa, opanda munda, opanda ya basi yobwerera kwao. Cam and Motor inatsegulidwanso m'zaka za posachedwa, koma nkhalamba zija zinali zitapita.

Kumudzi sanakuiwale. Anali kutumiza ndalama ndi nsaru kwa mai ao ndi alongo ao, ndipo anapitako kawiri. Ulendo wachiwiri anapeza mai ao ataikidwa kale, kalata itachedwa m'njira, ndipo ana a m'mudzi anali kuwaloza kuti mchona uja wabwera. Mau amenewo anawapweteka mpaka ukalamba. Kunonso m'chaka cha 2001 lamulo la unzika linasintha, ndipo ana ambiri a anthu ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique anapezeka ali alendo m'dziko limene anabadwiramo. Bambo anga anali m'gulu limenelo. Malamulo aakulu a dziko a m'chaka cha 2013 ndiwo anabwezera unzika kwa obadwira kuno amene kholo lao linachokera m'maiko oyandikana nafe. Agogo anaiona nkhani imeneyi ali moyo, ndipo sanakhalitse pambuyo pache. Anatisiyira nyumba, Buku Lopatulika lothetheka, bokosi la masipanala, ndi timabuku tao tojambulamo mapampu.

BUKU LANGA

M'mwezi wa February 2019 mvula yamphamvu inagwa ku Battlefields, kumwera kwa Kadoma. Madzi anasefukira usiku nalowa m'maenje a migodi ya Cricket ndi Silver Moon, m'mene munali anthu okumba golide paokha, amene timati makorokoza. Anthu 8 anatulutsidwa amoyo patapita masiku, koma oposa 20 anatulutsidwa atafa. Mapampu anachita kubwera nao kuchokera ku migodi ina madzi atadzaza kale, ndipo chiwerengero chenicheni cha amene analowa chinali chobvuta kuchidziwa, pakuti panalibe buku. Ine nditamva ndinakumbukira agogo ataimirira m'madzi akuwerenga anthu.

Tsopano ine ndine kalaliki pa mgodi wina m'dera lomwe lino. Sindigwira sipanala. Nchito yanga ina ndi kusunga buku la olowa ndi otuluka, ndi kuyang'anira bolodi pamene munthu ali yense amapachika nambala yache polowa ndi kuichotsa potuluka. Tsiku lina madzulo nambala imodzi inatsala pa bolodi. Nthawi yophulitsa miyala inali itakwana. Kapitao anabwera nati, "Achimwene, lembani kuti onse atuluka. Ameneyo ndimdziwa, waiwala chabe, ali ku mowa." Ndinaopa, chifukwa kapitaoyo ndi wamkulu kwa ine ndipo nchito masiku ano njosowa. Ndinagwira cholembera ndithu. Koma ndinayankha kuti, "Pepani bambo, sindinamuone akutuluka."

Anachedwetsa kuphulitsa, natuma anthu pansi ndi ena ku komboni. Patapita ola limodzi munthu uja anapezeka. Anali kunyumba kwache akudya nsima, ataiwaladi nambala. Kapitao ananena zoona, ndipo anthu anandiseka sabata yathunthu. Sindinapulumutse munthu ali yense tsiku limenelo. Koma agogo anayesa pampu ija Loweruka lochuluka popanda chochitika, ndipo pa masiku onsewo anaoneka opusa. Ikadzatsalanso nambala ndidzachita chimodzimodzi.

MAU KWA ANZANGA

Abale, akulu anati madzi saiwala khwawa. Maenje akale amene ali pamwamba pa malo anu a nchito ndiwo makwawa ache, ndipo dzinja lino adzawakumbuka. Mukaona madzi akutuluka pamene dzulo panali pouma, kapena mwamva pampu ikulira mwachilendo, uzani kapitao nthawi yomweyo, ndipo akapanda kumva uzani wamkulu wache. Musataye nsanza, mapepala kapena matumba m'ngalande, chifukwa zonsezo zimathera pa sefa. Dziwani pamene pali makwerero, osadalira keji yokha. Pachikani nambala yanu polowa ndi kuichotsa potuluka. Inu amisiri ndi akalaliki anzanga, musalembe m'buku chimene simunaone. Ndipo inu abale a m'maenje a makorokoza, mvula ikamagwa tulukani, golide mudzampeza mawa.

Sunganinso kandalama ka nyumba yanuyanu nchito ikalipo, ndipo lemberani kwanu makolo akali moyo.

Agogo akazi akali ndi moyo ku Pfupajena, ndipo bokosi la masipanala liri pansi pa bedi lao. Anansi amabwerabe kudzabwereka, ndipo iwo amalemba dzina la wobwereka ali yense m'kabuku kotsiriza ka agogo, m'masamba amene anatsala osalembedwa.

Tsalani bwino, ndipo Mulungu akusungeni pansi ndi pamwamba.